Ola Limodzi ndi Mphindi Makumi Anayi

Pabwalo la ndege zing'onozing'ono, kuseri kwa doko la mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, panali mayi wina amene aliyense ankamutchula kuti Mayi Sikelo. Ntchito yake inali kuyeza chilichonse chokwera ndege yopita kupaki, kumalo aja osungirako nyama zakutchire: alendo, zikwama zawo, makatoni a mazira, ngakhale botolo la madzi limene munthu walipana m'khwapa poganiza kuti silioneka. Manambalawo ankawalemba papepala limodzi, n'kuwonkhetsa, n'kukapereka kwa Kaputeni, woyendetsa ndegeyo, kuti asaine. Pa zaka zisanu ndi zinayi sanakhululukirepo munthu ngakhale kilo imodzi. Azimayi olemekezeka anasiyapo nsapato zawo zapamtima pakauntala pake, ndipo azibambo ankakokera mimba mkati akakwera pasikelo, ngati kuti mimba ikabisala imapepuka. Iye sankaseka, sankakalipanso. Ankangowerenga nambala n'kulemba.

Alendo onse, kaya alankhule chinenero chanji, ankafunsa funso limodzi: kodi kupakiko n'kutali bwanji? Yankho linkakhala kale kunsonga ya lilime. Makilomita 520 mumlengalenga, ola limodzi ndi mphindi makumi anayi. Pakhoma kumbuyo kwake panali mapu, ndipo wina anajambulapo kalekale mzere wowongoka ndi rula, kuchokera kunyanja kukafika pakadontho kobiriwira. Ankauloza ndi cholembera osatembenuka n'komwe. Mawu ukamawanena kasanu patsiku umafika powakhulupirira, ndipo Mayi Sikelo anawakhulupirira kuposa alendo ake onse.

Kumapeto kwa mzerewo kunali bambo ake. Iwo ndiwo anali mlonda wa bwalo la kupaki, ngati malowo tingawatche bwalo: kamsewu kakafupi ka dothi lofiira pakati pa tchire, kopanda pothirira mafuta, kumapeto kwake kuli mitengo italiitali. Ndege inkanyamula mafuta a ulendo wopita ndi wobwerera, ndipo ikalemedwa, dzuwa n'kutentha, siinkaima msanga pakamsewuko. Kwa zaka makumi atatu bambowo ankakwirira maenje amene njiri zakumba, ankaona kolowera mphepo, ndipo ndege ikayandikira ankapalasa njinga uku ndi uku akumenya chitini kuti nswala zichoke panjira. Ndiwo anamuphunzitsa mwana wawoyo, ali wamng'ono, kuti ndege ilibe chisoni, imangodziwa makilo.

Ndegeyo inkapita katatu pamlungu: Lolemba, Lachinayi ndi Loweruka. Ikangodzuka pansi, Mayi Sikelo ankatenga wailesi yolankhulirana, ija amati ovaova, n'kuitana kupaki. Ankanena nthawi imene yanyamuka, alendo angati, katundu wanji. Bambo ake ankabwereza zonsezo mawu ndi mawu, kenako n'kuwonjezera kafunso kawo kamodzi, koti wadya. Iye ankati wadya. Basi, kucheza kwawo kunali komweko, pakuti wailesi ya kampani si yofunsirana za ana ndi nkhuku. Foni kunyumba kwa bambowo sinkagwira. Munthu ankayenera kuyenda mpaka pachulu china kuseri kwa kliniki kuti apeze netiweki.

Wantchito wa pakampanipo ankaloledwa kukwera ulere malinga ngati makilo atsalako. Mwayi umenewu ndi umene unamupusitsa. Munthu wa kwawo kutali amakonzekera ulendo, amauika pakalendala, amapita. Iye kwawo kunali ola limodzi ndi mphindi makumi anayi, ndiye panalibe chothamangira. Tchuthi chikafika ankati apita mwezi wamawa, mwezi wamawa ukafika ankati alendo achuluka. Zaka zinayi zinatha choncho osaona nkhope ya bambo ake, koma mukanamufunsa akanakuuzani, mosanama, kuti amalankhula nawo katatu pamlungu.

Lolemba lina, atangotsegula kauntala, foni yake inalira. Anali azakhali ake, mchemwali wa bambowo, amene ankawasunga chimwalirireni mayi. Ankapuma wefuwefu, zoonetsa kuti akwera chulu chija mothamanga.

"Iwe, ngati uli nawo mawu bambo akowa, ubwere lero. Zamawa sindikukulonjeza."

Anapitiriza kuti chifuwa chinawagwira bambowo milungu itatu yapitayo, kuti njinga anaisiya kalekale ndipo nyama akuthamangitsa ndi msilikali wina wa paki, iwo amangokhala pampando ndi wailesi yawo. Analetsa aliyense kumuuza mwana wawo. Namwino wa pakliniki anati mtima watopa, ndipo ulendo wa kuchipatala chachikulu sangaupirire. Mayi Sikelo anakumbukira kuti masiku amenewo mawu a bambo ake ankamveka odukaduka, ndipo iye ankati ndi mabatire. Anayang'ana papepala la katundu wa tsikulo. Mzere wachitatu, m'zolemba zake zomwe: kliniki, silinda ya mpweya imodzi, makilo 14, mwachangu. Anaulemba Loweruka, osafunsa kuti mpweyawo ndi wa ndani.

Anawerenga maina a alendo. Khumi ndi mmodzi, mipando khumi ndi iwiri. Anatenga wailesi nthawi yomweyo, ngakhale siinali nthawi yake, n'kuitana. Panapita kanthawi bambo ake asanayankhe.

"Bambo, ndikubwera ndi ya lero. Ova."

"Wayeza?"

"Mpando ulipo, bambo."

"Sindinafunse mpando."

"Ndikwana. Mundidikire."

Anamva akutsokomola, kenako anati amudikira. Uku ndiye kunali kulakwa kwake koyamba tsikulo, ndipo kunali kulakwa kumene iye akanamudzudzula nako wophunzira ntchito: kulonjeza munthu ulendo poona mpando, sikelo isanalankhule.

Alendo anafika cha m'ma eyiti, gulu limodzi la anthu odya bwino, ovala zipewa zofanana, onyamula makamera aatali ngati misi. Anawayeza mmodzimmodzi monga mwa masiku onse. Anayeza zikwama, anayeza makatoni a kuhotela ya m'paki. Atawonkhetsa anapeza kuti kwatsala makilo 75, silinda isanalowe. Anadikira kuti alendo atuluke kupita kundege, n'kuvula nsapato, n'kuika kachikwama kake pambali, n'kukwera pasikelo yake yomwe. Inati 68. Anatsika, anakweranso, ndipo sikeloyo, poti inaleredwa ndi iye mwini, inabwereza zomwezo. Iye ndi silinda pamodzi anali 82. Anapitirira ndi makilo asanu ndi awiri.

Kaputeni anamupeza ataima choncho, wopanda nsapato. Anali munthu wamtali, wosachedwa kumva nkhani, ndipo za bambo aja anali atazimva kale kwa wogulitsa matikiti. Mayi Sikelo anafunsa ngati mafuta angachepetsedweko. Kaputeni anati ayi, mphepo ya lero ikuchokera kutsogolo ndipo kupaki kwatentha kale. Makatoni a kuhotela anali atatu okha, zakudya za alendo omwewo, ndipo lamulo la abwana linali loti wantchito sachotsa katundu wolipiridwa kuti akwere yekha. Kaputeni anayang'ana pepalalo, anayang'ana kunja.

"Achemwali, pepalali ndi lanu. Zaka zonsezi sindinayambe ndakuwonkhetserani. Chimene mulembe, ine ndisaina."

Anasiya cholembera pakauntala n'kupita kukazungulira ndege yake. Mayi Sikelo anagwira cholemberacho. Kusandutsa 68 kukhala 61 ndi ntchito ya kamzere kamodzi, ndipo palibe akanadziwa. Mwinanso ndegeyo ikanatera bwinobwino. Makilo asanu ndi awiri n'chiyani pa chindege chonsecho? Koma anaona m'maganizo mwake mitengo ija ya kumapeto, ndi anthu khumi ndi mmodzi a zipewa zofanana amene anakwera pasikelo yake momukhulupirira. Anayang'ananso silindayo, chitsulo chobiriwira chitatsamira khoma. Akanatha kuisiya n'kukwera yekha, n'kukafika manja lendelende kwa munthu amene akusowa mpweya. Anafufuta mzere wa dzina lake, n'kuuza onyamula katundu kuti silindayo aimangirire bwino. Kaputeni anasaina. Anangovomera ndi mutu atapemphedwa kuti akawafotokozere bambo aja akakatera, kuti mwana wawo akubwera pamsewu.

Ndege inadzuka naini koloko ndendende. Inali nthawi ya wailesi. Anaitenga, chala chili pabatani, ndipo anazindikira kuti akangotsegula pakamwa bambo ake adziwa zonse, pakuti munthu amene akulankhula ali mu ofesi sali m'ndege. Anachita mantha, mantha enieni a mwana amene waswa mbale. Sanafune kumva kachetechete amene akanatsatira. Anapatsira wailesiyo wogulitsa matikiti, n'kumulembera papepala zoti anene: yanyamuka naini koloko, alendo leveni, katundu wa kliniki. Iye anavala nsapato zake n'kuthamangira kudepoti, mnzakeyo asanayambe n'kuitana komwe.

Kudepoti anafunsa kondakitala kuti kukafika kutauni yoyandikana ndi paki ndi maola angati. Kondakitalayo anamuyang'ana ngati wafunsa tsiku lobwera mvula, n'kunena kuti akafika akafika. Basi yoti inyamuke teni koloko inadikira kudzaza mpaka masana. Pamwamba anakwezapo matumba, njinga, bedi lachitsulo ndi malata, ndipo panalibe woyeza. Mayi Sikelo, mwa chizolowezi, anayamba kuwonkhetsa mumtima, koma atafika pa matani awiri analeka poona kuti akungodzivutitsa.

Msewu sunkaudziwa mzere wa rula uja. Unatsata gombe kwa maola atatu, kulowera kumene paki kulibe, kenako unakhota n'kuyamba kuzungulira mapiri limodzilimodzi. Basi inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja. Pamtsinje waukulu anadikira pantoni yowolotsa magalimoto, imene inali kutsidya, woyendetsa wake atapita kukadya. Apa m'pamene anaona nthawi n'kupeza kuti ndege inatera kalekale, inanyamukanso, ndipo pano Kaputeni ali kunyumba kwake wavula nsapato. Anayesa foni ya azakhali. Siinkapezeka, ndipo sizinali zodabwitsa, pakuti munthu wodwazika matenda sakhala pachulu.

Ali papantonipo, nzeru inamufikira, ija imabwera mbala itathawa kale. Alendo anali khumi ndi mmodzi. Aliyense akanangosiya kajuzi kapena buku, makilo asanu ndi awiri akanapezeka m'mphindi zisanu, ndipo mwina akanasiya mokondwa. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Koma zimenezo zinkafuna kuti iye aime pamaso pawo n'kunena kuti bambo anga akudwala, ndithandizeni. Zaka zisanu ndi zinayi anazolowera kulamula anthu kuti achotse katundu. Kupempha sanakuphunzire, ndipo m'mawa uja sikunamubwerere n'komwe m'mutu. Safunsa anadya phula. Anakhala pathumba la mwini wake n'kumayang'ana madzi, ndipo mayi wina woyandikana naye anamupatsa nthochi, iye n'kulandira.

Msewu umenewu anauyendapo kamodzi kokha, ali ndi zaka khumi ndi zitatu, bambo ake akumuperekeza kusukulu ya mumzinda. Chimene ankakumbukira n'choti anagona pamwendo pawo n'kudzuka atafika, ndiye ulendowo unkaoneka waufupi. Atayamba ntchito, maulendo ake ochepa aja anali a pandege. Bambo ake ndiwo anakhala maso njira yonse tsiku lija, n'kubwereranso okha.

Usiku wa Lolembalo Mayi Sikelo anagona m'nyumba ya alendo kutauni kumene tala amathera, ndipo m'mawa mwake anapeza lole yonyamula simenti yopita kuhotela ya m'paki. Dalaivala anamukweza kutsogolo. Lole inkayenda ngati ikuwerenga miyala. Pachipata cha paki anapeza kalaliki wa pageti, munthu waudongo, wa cholembera m'thumba la malaya, amene anati aliyense wolowa alembe fomu, ndipo lole iyezedwe kaye chifukwa cha timilatho ta m'katimo. Mayi Sikelo anati akufulumira, bambo ake akudwala. Kalalikiyo anati pepani kwambiri, n'kumupatsa fomu. Sanakalipe, sanasekenso. Iye anamuyang'ana n'kuizindikira nkhope imeneyo, pakuti inali yake yomwe ya pakauntala, ndipo analemba fomuyo bwinobwino mpaka mzere womaliza.

Anafika cha m'ma fili koloko masana, patatha maola makumi atatu chichokereni pakauntala pake. Lole inamutsitsa pamphepete pa bwalo lija. Njiri ziwiri zinkafukula dothi pakati penipeni pa kamsewu, mopanda wozifunsa. Nyumba ya bambo ake inali poteropo, ndipo pakhonde panali anthu ambiri atakhala chete: asilikali a paki, namwino, ophika a kuhotela. Sanafunikire kuuzidwa. Azakhali ake anatuluka, anamugwira dzanja, n'kumuuza kuti bambo ake anatsirizika m'mawa, dzuwa litangotuluka. Analira, monga mwana aliyense amalirira bambo ake, ndipo anthu anamusiya alire.

Pambuyo pake azakhaliwo anamutengera kuseri kwa nyumba, pamthunzi, n'kumufotokozera za dzulo lake. Sanali munthu wokometsera nkhani, ndipo sanayambe tsiku limenelo. Anati itakwana naini koloko wailesi inalira, ndipo mawu anali achilendo, a mwamuna. Bambo ake anamvetsera mpaka kumapeto, anabwereza manambala monga mwa nthawi zonse, kenako anamwetulira n'kunena kuti mwamva, lero sakulankhula ndi iye, ndiye kuti wakwera. Anaitanitsa madzi ndi lumo, anameta ndevu. Anavala malaya awo a yunifolomu. Anaumirira kuti awanyamule ndi mpando womwe mpaka pamtengo wa m'mphepete mwa bwalo, ndipo anamukalipira msilikali uja kuti akuthamangitsa nswala mwaulesi, lero kukubwera munthu. Wotchi inali m'manja.

Ndege inatera nthawi yake. Bambowo anawerenga otsika mmodzimmodzi mpaka khumi ndi mmodzi. Kenako Kaputeni anatsika yekha atanyamula silinda paphewa, n'kubwera nayo pamtengopo, chipewa chili m'manja.

"Bambo ako anafunsa kuti chitsulochi chikulemera bwanji," anatero azakhali. "Kaputeni anati fotini. Anafunsanso kuti kunatsala angati. Atauzidwa anayamba kuyendetsa milomo, ndinadziwa kuti akuwonkhetsa. Kenako anati, wawerengera bwino mwanayo, lero kwatentha."

Azakhali anapitiriza kuti Kaputeni anawalimbitsa mtima bambowo kuti mwana wawo ali kale m'njira, wakwera basi. Bambowo anamufunsa ngati akudziwa kuti pamsewu ndi maola angati. Kaputeni anavomera kuti sakudziwa, sanayendepo. Iwo anamuuza kuti ndi tsiku ndi theka, pantoni ikakhala kuti ili bwino. Anayang'ana wotchi yawo, anaiika m'thumba, n'kunena kuti awalowetse m'nyumba.

"Mpweyawo unawathandiza?"

"Unawathandiza. Madzulo onse analankhula bwinobwino, mawu ali gwa ngati kale. Namwino akuti popanda chitsulocho sakanaliona dzuwa la lero." Azakhali anakonza mpango wawo. "Koma wolankhula naye anali ine, ndipo ine anali atatopa nane kale."

Anamulowetsa m'chipinda. Bedi linali litayalulidwa. Silinda inaima pakona, ndipo pampando wa pambali pa bedi panali wotchi, magalasi ndi wailesi ija, kanyale kake kofiira kakuyakabe, ikungoti sii. Mayi Sikelo anafunsa chifukwa chake wailesi ya kubwalo ili kuchipinda.

"Anati tiwaikire pafupi, tisazimitse. Amati iwe ndi wa manambala, ukakafika kudepoti n'kumva kutalika kwa msewu uwonkhetsa, uona kuti sukwanitsa, ubwerera ku ofesi n'kuwaitana. Amati mukhala mukucheza mpaka madzulo, abwana akalipe akafuna." Azakhali anaima pakhomo. "Kawiri konse inalira, anali anthu a pageti akufunsana za lole. Kawiri konseko anadzuka."

Mayi Sikelo anakhala pabedipo. Anatenga wailesiyo n'kuiika pamwendo. Kuchokera pakauntala pake kukafika pawailesi ya ku ofesi panali mapazi anayi, ndipo nambala imeneyo sanaiganizirepo njira yonse. Kunja wina ankafunsa amene athamangitse nyama Lachinayi. Azakhali anamuuza kuti azimitse, mabatire akutha, ndipo iye anati azimitsa. Anakhalabe choncho, chala chili pabatani.